Pampu ya a Mtonga

Kuno ku Lundazi, aliyense amene anapopapo njinga pamsika wa boma amadziwako Chisipanishi, afune asafune. Wolakwa ndi a Ezron Mtonga, okonza njinga pansi pa mtengo wa mango. Ali mnyamata ankaphikila dokotala wina wa ku Cuba ku Chipata. Dokotalayo anabwelela kwawo kalekale, koma chilankhulo chake chinatsalila m'kamwa mwa a Mtonga, ndipo chinkawayabwa koopsa.

Pampu yawo sinkagwilidwa chisawawa. Uyambe wanena kaye.

"Monile adada, tayala laphwa."

"Laphwa ndaliona. Me, te, le! Me ndi kwa ine, te kwa iwe, le kwa uja waima apoyo. Nena!"

"Adada, chimanga chikundidikila kuchigayo."

"Otra vez!"

Ndiye kuti bwelezanso. Ukanena bwino, otra vez. Ukalakwitsa, otra vez kawili. Eston, amene amanyamula anthu panjinga, anatopa nazo mpaka anagula pampu yakeyake. Akuti a Mtonga anamulondola mpaka ku Magodi, akupalasa pambali pake, akumufunsa mafunso msewu wonse. Eston anabwelako yekha pansi pa mango.

"Bola pano pali mthunzi," anatelo.

Tsiku lina mbuzi inawabela chubu. Anaikalipila m'Chisipanishi, iyo n'kulavula. "Mwaona? Mbuzi yamva. Nanga inu?"

Ine sukulu ndinalekela giledi seveni, ndipo pagulu mawu amandithawa. Popita kusikelo ndi Lukundo, mwana wanga, ndinkalolela kukankha njinga yakuphwa kusiyana ndi kuima pamenepo. Koma anandigwila.

"Amake Lukundo! Njinga amakwela, saikoka ngati ng'ombe. Bwelani kuno!"

Anandipatsa mawu anga: me acuerdo de usted. Akuti ndiye kunena kuti ndimakukumbukilani.

"Ka 'de' kali pakatiko ndi cheni cha njinga. Mukakachotsa, mawu sayenda. Tiyeni!"

Ndinanong'ona, maso ali pansi.

"Mukuuza nyelele? Otra vez!"

Miyezi itatu, sikelo iliyonse, mawu omwewo. Mpaka tsiku lina ndinawapeza akutsokomola, sipanala ili pansi. Sanakuwe.

"Mwana wanga, anyamatawa amangofuna mpweya. Inu mumamvetsela. Ndikapita, ndani adzanditsanzike m'chilankhulo chimenechi? Mudzanene mawu anuwo pamanda anga."

"Ine adada? Pamaso pa anthu?"

"Inu."

Ndinavomela.

Anamwalila mu Juni, nthawi yozizila. Malilo anali kwawo ku Chikomeni, ndipo njinga zinachuluka kuposa mitengo yozitsamilitsa. Ine ndinabisala pakati pa azimayi, ndikuganiza kuti palibe akudziwa za lonjezo lija. Sindinadziwe kuti mkuluyo anauzilatu abusa.

"Amake Lukundo ali ndi mawu."

Ndinafika pamphepete pa dzenje, mwana ali kumbuyo. Ndinanena, koma ngakhale ine sindinadzimve. Ndinatembenuka kuti ndithawe.

Kumbuyo kwenikweni Eston anakuwa: "Otra vez!"

Anthu onse pamandapo anaphulika ndi kuseka, ena akupukuta misozi ndi zitenje. Nanenso ndinaseka. Kenako ndinakoka mpweya ngati ndikupopa tayala, ndi kufuula mpaka Lukundo anadzidzimuka: "Me acuerdo de usted!"

Alimi a fodya, azimayi a tomato, aphunzitsi, onse anabweleza pambuyo panga, cheni chili m'malo mwake. Kani onsewa ankamvetsela.

Lelo pampu ija imapachikidwa pa mango, wofuna amangotenga. Pamsika pakuchita ngati wina wazimitsa wailesi. Komabe ndaonapo amuna akuluakulu akucheuka uku ndi uku, n'kung'ung'udza me, te, le asanaigwile.

Dzulo tayala langa linaphwa. Ndinaima pamthunzi paja, ndinanena mawu anga mokweza, ndi kudikila. Palibe anati ndibweleze. Ndinabwelezabe.