Kompyuta Yomwe Inadya Mtedza ndi Batire

Mukandiona pa Sinda ndikuyenda ndi foni yozima m'manja, chonde musandifunse za kompyuta. Bala lake silinapole.

Chaka chimene mtedza unatichitira bwino, ine ndi alamu anga, achimwene a mkazi wanga, tinaganiza zoti aliyense ayambe bizinesi yoseweretsa ana magemu a mpira. Tinasiyana pa chogula. Iwo ankafuna kabokosi ka magemu kolumikiza ku TV, kogwirapo kale ntchito. Ine ndinali nditaonera mavidiyo pafoni mpaka kudziyesa katswiri.

"Alamu, kabokosi n'kachibwana," ndinatero. "Mashini enieni ndi kompyuta. Udzu wa m'bwalo umaoneka umodziumodzi, ngakhale thukuta la osewera."

"Nanga ana azilipira thukuta?" iwo anafunsa. "Malaiti muli nawo?"

Ndinaseka (kuseka kumeneko kumandiwawa mpaka lero). Iwo anagula kabokosi kawo pamtengo wa mbuzi ziwiri. Ine ndinathira ndalama zonse za mtedza pa chikompyuta chochokera ku Lusaka, chagalasi m'mbali, mkati mukuyaka timagetsi tamitundumitundu.

Tinasankha kukayambira ku Mkaika nthawi ya mwambo wa Kulamba, poti kumakhala khamu. Vuto linali malaiti aja, magetsi. Mkazi wanga anali ndi batire la sola limene ankatchajira mafoni a anthu m'mudzi, ndipo sopo ndi mchere pakhomo pathu zinkachokera pamenepo. Ndinalipempha.

"Atate a Tamara, batire ili ndiye munda wanga," anatero. "Likabwere lamoyo."

Ndinalumbira.

Titafika, ana onse anathamangira kwa ine, atakopeka ndi timagetsi tija. Ndinatolera ndalama n'kuyatsa. Udzu unaonekadi, abale, wobiriwira ngati wa kudimba. Kenako kompyuta inayamba kulira ngati chigayo, inveta yosinthira moto wa batire nayo n'kuyamba kuliza kabelu kochenjeza. Invetayo ndinaivundikira ndi jekete kuti isandichititse manyazi. Mpira usanafike pa hafu, zonse zinangoti zii.

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinayatsanso, n'kuyatsanso, mpaka batire linatupa m'mbali n'kuyamba kununkha.

"Ankolo, tibwezereni ndalama zathu!" ana anandizinga. Ndinabweza, ndipo ndikuona anapita nazo kwa alamu, amene kabokosi kawo kanasewera mpaka madzulo pa batire lakale la galimoto.

Kunyumba mkazi wanga sanakalipe. Anangoligwira batire lija n'kukhala pansi. Bola akanandilalatira. Sabata isanathe, makasitomala ake onse anali atasamukira kwa achimwene ake, amene anayamba kutchaja mafoni pa batire lawo lija, ndipo chisoni chimandigwira ndikamuona akudula sopo pakati.

Kompyuta ili pabalaza, anaifundika kansalu. Wogula sakupezeka, poti aliyense amayamba wafunsa za malaiti. Foni ndimakatchajitsa kwa alamu, ndipo podikira ndimasewerako, kulipira ngati ana. Ndimawauzabe kuti udzu wa pakabokosi kawo suoneka bwino. Amangoti, "Zoona, alamu," n'kutambasula dzanja.