Tsiku Limene Ndinakana Ana Anga Anayi

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu, mwini chifundo, amene amasunga ndi opusa omwe. Ndikumuthokoza chifukwa cha mpweya uno, chifukwa cha akazi anga mayi a Tereza, ndiponso chifukwa cha ana asanu ndi mmodzi amene anatipatsa. Nambala imeneyi muigwire bwino, abale anga, pakuti ine mwini wake inandipulumuka tsiku lina dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona.

Kwathu ndi kumapiri a Dedza, mudzi wina kufupi ndi Kasina. Ndine mkamwini, ndipo kamunda kamene anatigawira amalume a akazi anga ukhoza kukapalira konse phala lisanazizire. Nditapeza ntchito yosamala maluwa ndi kapinga pa ofesi ina ku Lilongwe, ndinagwada n'kulira. Ndinkagona ku Mgona m'kachipinda kamodzi ndi amuna anzanga atatu, titapanikizana ngati mtolo wa nkhuni za ku Chongoni. Koma dzinja lomwelo khoma la nyumba yathu kumudzi linang'ambika kuchokera pamwamba mpaka pansi. Mayi a Tereza analichirikiza ndi mitengo iwiri ya bulugamu, ming'alu n'kutseka ndi masaka. Amene anagonako kwathu mwezi wa Juni akudziwa kuti chisanu chake sichiopa saka. Mapasa athu, omwe ndi otsiriza, ankatsokomola osalekeza. Ndinalonjeza kuti ndipeza nyumba ya lendi yotsika mtengo, tonse tikhale pamodzi m'tauni.

Ndinayenda, abale. Loweruka lililonse masana ndinali pamsewu: Chinsapo, Kauma, Mtandire. Paliponse funso loyamba silinali la dzina langa kapena mpingo wanga, koma lakuti, "Muli ndi ana angati?"

Ine ndinkayankha mokweza, chifuwa patsogolo, poti ana ndi mphatso yochokera kumwamba. Landilodi woyamba, bambo wamimba yaikulu, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, mukufuna nyumba kapena mukufuna kutsegula sukulu?" Mayi wina ku Kauma anawerenga zala zake, n'kuloza kuseri kwa nyumba. "Chimbudzi ichi ndinakumbitsa chaka chatha. Inu anthu asanu ndi atatu mundidzazira Khirisimasi isanafike." Wachitatu anangomasula galu. (Ndinadzitonthoza kuti ngakhale banja loyera lija linasowa malo ku Betelehemu. Koma iwo anali ndi mwana mmodzi yekha, ndipo khola analipeza.)

Mnzanga wa kuntchito, a Kaphiri, amene amatsuka magalimoto a mabwana, anandimvera chisoni. "Inu a ku Dedza, vuto lanu ndi chilungamo chosaphika," anatero. "M'tauni muno munthu aliyense ali ndi ana awiri. Enawo amabwera pambuyo, mmodzimmodzi, ngati alendo a holide. Holideyo siitha."

Ndinawadzudzula kwambiri. Ndinawakumbutsa amene ali tate wa mabodza onse, ndinawauza kuti pakamwa ponama pamapha mzimu. Iwo anangoseka n'kupitiriza kupukuta tayala. Koma mawu awo anagwera panthaka yachonde, ndipo anamera ine osadziwa.

Lamulungu lina itatha Misa, analengeza kuti bungwe lina lamanga nyumba kunja kwa tauni zothandiza mabanja opeza movutikira, lendi yake yochepa, ndipo ofuna akalembetse. Ndinapempha tchuthi cha tsiku limodzi. Nditafika, ndinaziona: zipinda ziwiri ndi pabalaza, malata owala, simenti pansi, mpopi pakhomo lililonse. Ndinaima pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu, kolona m'khosi, ndikupemphera chamumtima.

Patebulo panali mayi wa magalasi, wofatsa nkhope, fomu ili patsogolo pake. Dzina, ndinanena. Ntchito, ndinanena. Malipiro, ndinanena chapansipansi. Kenaka anafunsa funso lija.

"Ana alipo angati, bambo?"

M'maso mwanga munabwera mimba ya landilodi uja, chimbudzi cha ku Kauma, ndi mano a galu. Ndinayang'ana malata owala aja. Ndipo ndinamva pakamwa panga pakunena kuti, "Awiri."

"Awiri basi?"

"Awiri basi, mayi."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Palibe ena amene mukusunga? Kaya amasiye, kaya a achibale?"

"Mayi," ndinatero, dzanja lili pa kolona, "ine ndine mkhristu. Ndinganame chifukwa chiyani?"

Katatu, abale anga, monga mtumwi uja pabwalo la mkulu wa ansembe. Tambala sanalire chifukwa anali masana. Inalira ndi foni ya mayiwo. Atatha kuyankhula anandipatsa cholembera, ndipo ndinasayina pansi pa timawu ting'onoting'ono timene sindinawerenge.

"Zikomo, bambo," anatero akuika fomu pambali. "Koma musayembekezere msanga. Gawo loyambali tikuyamba ndi mabanja aakulu, a ana asanu kupita m'tsogolo, poti ndi amene malandilodi amawakana. Inu a ana awiri mudikire gawo lachiwiri, ngati thandizo lidzapezeke."

Ndinagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Mayi, pepani. Ndakumbukira ena anayi."

"Mwakumbukira?"

"Eya. Ena mwa iwo ndi mapasa."

Mzere wonse kumbuyo kwanga unaphulika. Bambo wina anakuwa kuti, "Kumbukiraninso, achimwene, mwina afika khumi!" Gogo wina anati, "Mapasa amaiwalika ngati ambulera?" Mayi wa magalasi sanaseke. Anati aliyense akamva za gawo loyamba amayamba kukumbukira ana, ndipo dzulo lake munthu wina anabwera ndi ana obwereka kwa aneba, mmodzi n'kumutchula kuti ankolo pamaso pa onse. "Ngati muli ndi umboni, mubwere nawo Lachisanu. Wotsatira!"

Munthu wanzeru akanapita kukalapa tsiku lomwelo, n'kukauza mkazi wake zoona. Ine ndinakwera minibasi mpaka pa Linthipe, n'kukafika kumudzi ndi nkhope ya munthu wobwera ndi uthenga wabwino. Ndinauza mayi a Tereza kuti nyumba yapezeka, kwangotsala kuti a ku ofesi aone anawo ndi maso. (Onani mmene bodza limaberekera. Lokhalo silifunsidwa kuti lili ndi ana angati.) Akazi angawo analulutira. Anagulitsa kankhumba kathu kamodzi komweko kuti tipeze zoyendera, anachapa mayunifolomu a sukulu poti ndizo zovala zabwino zimene ana ali nazo, n'kumanga makadi a ubatizo onse m'kapepala kapulasitiki. Anakatsanzikanso ku mphakati, kumene timapemphera ndi mabanja oyandikana nawo, ndipo anzathuwo anatiimbira nyimbo yotiperekeza.

Lachisanu tinanyamuka. Anawo kanali koyamba kukwera galimoto ulendo wautali. Mapasa anasanza tisanafike pa Nathenje, mmodzi pa ine, mnzake pa kondakitala, amene ananena mawu oti sindingawalembe pano. Titafika, mayi a Tereza anaima n'kuyang'ana nyumba zija nthawi yaitali, dzanja pakamwa.

"Bambo a Tereza," ananong'ona, "mukawapemphe ija ya pakona. Kuseri kwake kuli malo, ndingadzalepo mpiru."

Mpaka lero mawu amenewo amandilasa kuposa kuseka kwa mzere wonse uja.

Mu ofesi ndinawandandalika anawo potsata msinkhu, kuyambira Tereza, amene ali Sitandade 8, mpaka mapasa. Ndinayala makadi a ubatizo patebulo. Mayi wa magalasi anayang'ana makadi, anayang'ana ana, anayang'ana ine.

"Awa ndi anu ndithu," anatero. "Makutuwo sangabwerekedwe."

Mtima wanga unayamba kuimba aleluya. Koma anatsegula kabati, natulutsa fomu ija, n'kuiwerenga mokweza, pang'onopang'ono, monga amawerengera kalata yoyamba pa Misa. Dzina langa. Ntchito yanga. "Chiwerengero cha ana: awiri." Kenaka timawu ting'onoting'ono tija, takuti wopereka mbiri yabodza adzachotsedwa m'kaundula, ndipo sadzaloledwa kulembetsanso.

"Ndiye mundithandize, bambo. Ngati fomu ili yoona, ana anayi ndi obwereka. Ngati ana ali oona, fomu ndi yabodza. Ndilembe ziti?"

Ndinagwada pasimenti. Ndinafotokoza za khoma, za chifuwa cha mapasa, za galu. Ndinatchula ngakhale a Kaphiri (Mulungu andikhululukire, ndinachita ngati kholo lathu loyamba m'munda muja, kuloza chala mnzanga). Mayiwo anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Anati mafomu analowa kale m'kompyuta, akuluakulu anawaona, ndipo akandikonzera ine ndiye kuti akonzerenso onse okumbukira ana mochedwa. "Mukanangonena zoona tsiku lija, bambo, bwenzi lero ndikukupatsani kiyi."

Choncho ndinachotsedwa pa gawo loyamba, limene ndinali woyenera, ndi pa gawo lachiwiri, limene ndinadzilembetsa ndekha.

Mayi a Tereza sanakuwe. Anatola makadi aja limodzilimodzi, n'kuwamanganso m'kapepala. Anangonena liwu limodzi, motsitsa: "Awiri." Kuchokera pa ofesi mpaka kudepoti, kuchokera kudepoti mpaka pa Linthipe, sanawonjezerepo kanthu. Ndikanakonda akanandimenya ndi mthiko.

Pa Linthipe tinakhala pansi pa mtengo kudikira galimoto yolowera kwathu. Ndinagulira ana chimanga chootcha kuti mwina pakamwa patanganidwe. Apo Sesiliya, wachitatu kubadwa, amene ali Sitandade 4 ndipo masamu amawakhoza, anandikoka malaya.

"Ababa, awiri munalembawo ndi ati?"

Onse anasiya kutafuna. Tereza anati mwachidziwikire ndi iyeyo poti ndi woyamba. Mnyamata wanga wamkulu anati ayi, ababa sangasiye mwamuna. Sesiliya anawerenga zala n'kupeza kuti mulimonse mmene zingakhalire, iye wachitatu sakulowamo. Ndinayang'ana kwa amayi awo kuti andipulumutse.

"Ayankheni," anatero, maso ali kumsewu. "Inenso ndikufuna ndidziwe amene ndinawabereka pachabe."

Ndawerenga Malembo kuyambira ubwana wanga, ndipo pa maliro ndi pa mphakati sindisowa vesi. Tsiku limenelo ndinafufuza kuyambira koyamba mpaka kotsiriza, osapeza ndi limodzi lomwe.

Ndinakalapa kwa bambo mfumu. Nditafika pa mawu akuti "ndakumbukira ena anayi," anatsokomola nthawi yaitali kuseri kwa kansalu, ndipo sindikhulupirira kuti chinali chifuwa. Khoma lija likadali pa mitengo ya bulugamu, tawonjezerapo wachitatu. Ine ndikadali ku Mgona ndi amuna anzanga, ndipo Loweruka ndimayendabe. Ndinalumbira kuti sindidzachotsanso mwana ndi mmodzi yemwe, ngakhale zitseko zonse za Lilongwe zitsekedwe, ndipo zikutsekedwadi. Koma ndiulule, poti ndayamba kale: mwezi wathawu ku Chinsapo mayi wina anandifunsa funso lija, chipinda chili chabwino, chitseko chili ndi loko, ndipo ndinamva pakamwa panga pakunena kuti, "Anayi." Anandikanabe.

Mundipempherere, abale anga. Ndipo inu, Ambuye akudalitseni ndi kukusungani. Akupatseni denga losadontha ndi khoma losafuna mtengo. Aike mlonda pakamwa panu pamene mantha akuyankhula m'malo mwanu, ndipo pa tsiku lalikulu lija, akadzafunsidwa kuti ana ake ndi angati, asadzasiye ndi mmodzi yemwe wa inu. Amen.