Pak Sarkowi, Mphunzitsi Wosambira pa Benchi

Ku Karangwuni ngakhale mwana wakhanda ankadziwa kuti Pak Sarkowi (Pak ndiko kuti Bambo) anaphunzitsa kusambira zaka makumi atatu osanyowa ndi chala chomwe. Anali mphunzitsi wa zaumoyo ndi masewero olimbitsa thupi pasekondale. Sukuluyo inalibe dziwe, koma silabasi inkati ana azidziwa kusambira. Wina akanangolemba pabolodi n'kupita kukamwa khofi, koma osati mkulu ameneyu.

Lachitatu lililonse ankatulutsa mabenchi pabwalo la mpira. Ana makumi anayi ankagona chafufumimba, kupalasa mphepo, dzuwa likuwotcha msana, iwo ali pamthunzi wa mango ndi wezulo yawo.

"Chimodzi, chiwiri, pumani! Iwe Paijo, wamira kalekale! Tikaitane makolo ako?"

"Pak, ndimangokanda mwendo."

"M'madzi mulibe kukanda!"

Kustiyah, mtsikana wa phwete wa kalasi yomaliza, ndiye ankawavuta. Tsiku lina anadzutsa mutu pabenchi.

"Pak, inuyo mudasambirapo?"

"Dokotala amayamba wathyoka mwendo kuti amange wako? Gona!"

Chilungamo chake n'chakuti mkuluyu madzi ankawaopa koopsa. Akamawoloka mlatho ankatsika njinga, n'kuyenda pakatikati atatsinzina diso limodzi. M'kalasi ankalalikira kuipa kwa fodya ndudu ili kuseri kwa khutu, ndipo ukaiyang'ana ankati, "Ndayigwira ukaidi."

Koma mayeso awo otchuka anali a chigubu. Aliyense ankabwera ndi chigubu cha mafuta ophikira chopanda kanthu, chotseka bwino, n'kugona chagada pafumbi atachikumbatira, chibwano kumwamba, mphindi khumi osagwedezeka. Kustiyah anaseka pa mphindi yachitatu. Anamulepheretsa. Anabwereza, anasekanso, anamulepheretsanso. Anakhoza kachinayi, anzake atapita kale kukadya mpunga.

"Madzi akakukulira usalimbane nawo," anatero Pak Sarkowi. "Gona, uyang'ane kumwamba, uwerenge. Udzandikumbuka."

"Ndidzakukumbukanidi, Pak," anayankha, akusasa fumbi pampango wake mokwiya.

Mkuluyu anamwalira ali pabedi louma bwino, atapuma ntchito. Patapita zaka ziwiri, mtsinje unagumula khoma lake dzuwa lili paliwombo. Kustiyah, tsopano mayi wogulitsa tofu yokazinga, chakudya cha soya, anali pakhomo ndi mwana wake Laras, wa zaka zitatu. Bambo a mwanayo anali kufakitale. Madzi anafika m'mawondo, asanapeze nsapato anali m'chiuno, ndipo atatuluka panja msewu unali utasanduka mtsinje. Mzikiti wosanjikizana unkaoneka uko, kutsidya kwa munda wa mpunga, ndipo kufikira tsikulo iye anali asanalowepo m'madzi opitirira m'mawondo chibadwire.

Mantha anamugwira zenizeni. Anangoona chigubu cha mafuta chikuzungulira pakhomo. Anachitseka, anamangira Laras pachifuwa ndi nsalu, anakumbatira mwana ndi chigubu pamodzi, n'kugona chagada.

"Amayi, tikutani?"

"Tikulemba mayeso. Yang'ana kumwamba. Chimodzi, chiwiri, puma!"

Madzi anamulowa m'makutu, miyendo inkafuna kuima, koma sanagwedezeke, ndipo ulendo uno sanaseke. Anawerenga, madzi akumutenga, mpaka mutu wake unagunda khoma la mzikiti, manja a anthu n'kumukoka.

Atakwera pamwamba, mwana ali bwinobwino akulirira nsapato, Kustiyah anayang'ana uku ndi uku. M'mbali mwa khoma munali zigubu khumi ndi zinayi, eni ake atakhala pafupi, onse ana a pabenchi paja. Paijo, tsopano bambo wadazi, anali akufinya malaya.

"Nawenso wakhoza, Kus?"

"Kamodzin'kamodzi. Iwe sunakande mwendo?"

Anaseka mpaka kuseka kunasanduka kulira, ndipo palibe anachita manyazi.

Lero sukulu ili ndi mphunzitsi wachinyamata amene amatengera ana kudziwe la m'tauni. Amasambira bwino, zoonadi. Koma Lachitatu pabwalo pamakhala zii, ndipo pansi pa mango paja pamangoimikidwa njinga zamoto. Ukadutsa umayembekezera wezulo, osaimva.

Madzi osefukira aja ataphwa, Kustiyah anapita kumanda a Pak Sarkowi ndi Laras, atanyamula maluwa ndi madzi othira pamanda monga timachitira tonse kuno kwathu. Madziwo anawatengera m'chigubu chomwe chija. Anapemphera, anamwaza maluwa, kenaka anatsegula chigubu n'kuima kaye, misozi ili m'maso.

"Pak, mwanayu ndi uyu, ali moyo," anatero. "Ndiye pepani, lero lokha munyoweko pang'ono."