Ndakwirira Amalume

Lolemba

Ndatopa nako kupuma. Chisiyireni ukapitawo ku esiteti ya tiyi, ntchito yanga ndi kusuntha mpando kutsatira mthunzi. Amake Fidesi akuti ndayamba kulamulira nkhuku. Sakunama, dzulo ndinakalipira tambala chifukwa cholira mochedwa.

Koma lero ndapeza chochita. Ndikwirira Amalume!

Amalume si munthu. Ndi chidzenje chimene chili pakati pa msewu wathu wafumbi, uwu wopatuka pa Nkando, pomwe pali timaokala. Galimoto ikafika apo imagwada, kulowa mwaulemu, kutuluka ikubuula. Chimene anawatchulira Amalume sindikudziwa, kaya ndi ukalamba. Ine kuno ndine mkamwini, ndinawapeza alipo kale.

Chandipweteka n'chakuti amake Fidesi amagulitsa zinanazi pambali pomwepo. M'mawa lole yamchenga yalowa m'dzenjemo, matope onse pachitenje chawo chatsopano. Iwo angoseka. Ine mtima wandiwawa. Mkazi wanga, mayi wa ana akuluakulu, kumamatidwa matope ngati chipupa!

Masana ndaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa mango. Alonjeza:

a Likhucha omata matayala, wilibala
a Joni okazinga tchipisi, fosholo
mayi Nakhumwa a patiyirumu, tiyi wa ogwira ntchito
ena onse, manja

Awomba m'manja, koma mofooka, ngati akuwombera kwaya ya mpingo wina.

Kunyumba amake Fidesi ati, "Asiyeni Amalume, bambo a Fidesi. Zinanazi zapsa munda wonse kamodzi, ine ndikudalira Loweruka, kumadutsa anthu ambiri." Amati apitirize, ndawadula. Ndawauza kuti zonsezi ndikuchitira iwo omwe. Angonyamuka, atuluka.

Lachiwiri

Jombo za ku esiteti kumapazi, wezulo m'khosi, piki paphewa. Ofika pa ntchito: ine.

Wilibala ya a Likhucha yaphwa tayala. Munthu womata matayala a dziko lonse! "Guluu wandithera, alamu." Akunena izi akumata chubu cha njinga ya munthu wina.

Fosholo ya a Joni inabwerekedwa ndi msuweni wawo wa ku Thuchila, ndipo akuti masiku ano sakuyankhulana.

Mayi Nakhumwa okha asunga lonjezo. Abweretsa tiyi, kapu imodzi. Ndiye kuti amadziwa kale kuchuluka kwa antchito. "Imwani, mukapume. Dzenje silithawa."

Ndatuta miyala panjinga kuchokera kumtsinje, ndekha. Msana wanga, mayo! Dzuwa litafika paliwombo ndapsa mtima, ndakwera pamulu wa miyala, ndawalalikira onse. Ndati chatisaukitsa kuno ndi ulesi, ku esiteti anthu otere ndinkawadula tsiku. Nthawi yomweyo minibasi yalowa mwa Amalume, onse dzambatu, liwiro kumawindo ndi malichero, ine ndatsala ndikuyankhula ndi mbuzi.

Mawu a ulesi aja ndikanawameza. Alesi sathamanga chonchija.

Lachitatu

Mulu wanga wa miyala wasowa!

Sindinavutike kuifunafuna. Itatu yasanduka mafuwa pansi pa chiwaya cha a Joni. Wina ukuchinjiriza chitseko cha tiyirumu. Waukulu uja, umene unatsala pang'ono kundithyolera njinga, a Likhucha aukhalira. Andiona, ati, "Mwatopa alamu, ndisunthe tikhalirane?"

Ndakhala. Ndikanatani?

Mvula yagwa. Amalume adzaza, abakha akusambamo.

Madzulo wandiimitsa dalaivala wa lole yamchenga, yemwe uja wa matope. "Madala, kuno wanzeru ndinu nokha. Masipuling'i anga athera pamenepa. Mawa ndikubweretserani zidutswa za njerwa ndi dothi, ulere." Ndamugwira chanza ndi manja awiri. Kuyamikiridwa ndi munthu wapaulendo pomwe anansi ako akuyang'ana kumbali kumakoma, koma sikukhutitsa.

Kunyumba zinanazi zadzaza pakhonde, pabalaza, zina pansi pa bedi. Fungo mpaka m'zovala. Amake Fidesi akuzitembenuza chimodzichimodzi ngati makanda. Azipalira chaka chonse, minga ikuwacheka m'manja. Ndawalonjeza kuti Loweruka azigulitsa ali oyera ngati akupita ku mgonero.

Lachinayi

Zatheka! Lole yakhuthula katundu wake, ine ndasalaza, ndasinja ndi chipika mpaka matuza m'manja. Pofika masana Amalume kulibe. Msewu uli see, ngati bwalo la ntchembere mbaye.

Ndaliza wezulo kuti anthu aone. Aona. Palibe wawomba m'manja, ngakhale mofooka muja. A Likhucha avula chipewa n'kuchigwira pachifuwa. Poyamba ndimayesa akulemekeza ine.

Mayi wina wogulitsa nthochi wapita kwa amake Fidesi, wawagwira dzanja. "Pepani, zimachitika. Amuna sitisankha bwino tonse." Ndamva ndi makutu angawa.

Anthu osayamika! Komabe pachifuwa pali kanthu kakundilemera, sindikudziwa kuti n'chiyani. Mwina ndi chipika chija.

Lachisanu

Tsopano ndadziwa kuti n'chiyani.

Ndafika m'mawa kudzaona ntchito ya manja anga. Zadutsa:

minibasi, vuu!
matola, vuu!
njinga zamoto, vuu, vuu!
lole yamchenga, vuu, ndi hutala yondipatsa moni

Yoima palibe. Yochepetsako liwiro palibe. Amayi amathamanga ndi malichero, pofika pamsewu galimoto ili kale kuseri kwa nsungwi. Mmodzi waponyeredwa moni, basi. Tchipisi cha a Joni chazizira m'chiwaya. A Likhucha agona pabenchi, pampu pamutu, chifukwa tayala laleka kuphulika. Nkhuku ya eni tiyirumu, imene moyo wake wonse imawoloka msewu mwachifatse, lero yakumana ndi chitukuko.

Mayi Nakhumwa akuisosola, osandiyang'ana. "Amalume ndi amene amadyetsa mbumba, bambo. Galimoto ikawagwadira, ife timagulitsa. Zaka zonsezi simunafunse bwanji?"

Safunsa anadya phula. Ine ndadya lonse, ndi njuchi zomwe.

Amake Fidesi abwerera ndi dengu momwe analisenzera m'mawa. Ndimayembekeza kuti andilalatira, bwenzi zili bwino. Iwo angotula, akhala pakhonde, akuyang'ana manja awo. Chakudya chamadzulo: chinanazi. Ndiwo zake: chinanazi. Ndadya mwaulemu mpaka lilime kuyabwa.

Lolemba lija ndikanangowalola kumaliza mawu!

Loweruka

Tsiku lija lafika. Ndadzuka ndi nzeru yatsopano, ndipo tsopano nzeru zanga ndimaziopa.

Ndadula nthambi za mango, ndayala mumsewu uku ndi uku. Mumtima ndimati lole ikawonongeka amayala nthambi, magalimoto n'kumayenda pang'onopang'ono. Kuti nthambi mumsewu zimatanthauzanso maliro ndimadziwa, sindine mwana. Ndinangosankha kusakumbukira.

Zagwira ntchito! Minibasi yoyamba yachepetsa liwiro, dalaivala wazimitsa wailesi. Apanjinga akutsika n'kumakankha, zipewa m'manja. Amake Fidesi afika pawindo ndi zinanazi, anthu akuwayang'ana mwachifundo. Ndani angatsatse mtengo wa chinanazi pamaliro? Wogula palibe. Mayi wina wasuzumira, "Pepani, watisiya ndani?"

A Joni, osakweza n'komwe mutu, "Amalume. Awakwirira Lachinayi akamwini awo omwe."

Mawu amathamanga kuposa lole yamchenga. Pofika masana pakhomo pathu padzaza. Amayi a mvano ndi nkhuni pamutu, ena ndi timbale ta ufa, kwaya yayamba kale nyimbo pansi pa mpeyala. Ndikati ndifotokoze akundikhazika pansi, "Limbani mtima, bambo." Ena akunong'onezana kuti mkamwini wamtundu wanji woika mwinimbumba mwakabisira.

Ndiye atulukira amalume enieni a amake Fidesi, a Mukhuna, panjinga kuchokera ku Thuchila. Amva kumsika kuti anamwalira, abwera kudzaona okha. Kwaya yadukiza nyimbo pakati. Mayi wina wataya nkhuni, wathawira m'chimanga.

A Mukhuna aimika njinga bwinobwino, andiyang'ana kuyambira kujombo mpaka kuwezulo. "Akamwini, kuno munabwera kudzakwatira kapena kudzandiika? Mukanandiuzako, ndikanasamba."

Anthu aseka mpaka misozi, nthaka osang'ambika kuti ndilowe. Ndipo alendo oti ayenda mtunda, ena asiya minda yawo, sungawabweze ndi njala. Amake Fidesi atenga mpeni. Asenda za pakhonde, asenda za pabalaza, atulutsa ndi za pansi pa bedi zomwe. Aliyense akuyamikira kuti zinanazi zotsekemera chonchi sanadyepo. A Mukhuna adya ziwiri, chachitatu amanga pakaliyala.

Amake Fidesi amamwetulira alendo mpaka womaliza. Atapita onse, akhala pakati pa makoko, mpeni uli m'manja, misozi ikungotsika. Sindinawaonepo akulira chonchi chikwatirireni.

Lamulungu

Kutchalitchi ndakhala benchi yakumbuyo. Aliyense wotembenuka amandipepesa, kenako n'kubisa nkhope m'buku la nyimbo.

Titaweruka ndasintha zovala, ndatenga piki. Wezulo ndamusiya pamsomali. Msonkhano sindinaitanitse, sindinauze munthu. Ndangofika pamalo paja n'kuyamba kukumba.

Ndisanatuluke n'thukuta lomwe, kumbuyo kwanga kwii, kwii. Wilibala ya a Likhucha, tayala lili gwa. Fosholo ya a Joni yabwerako ku Thuchila, kaya ayanjana liti ndi msuweni uja. Mayi Nakhumwa ndi ketulo yaikulu ndi makapu odzaza beseni. Amayi a nthochi ndi makasu, akuimba. Palibe wanena kuti lero ndi Lamulungu, palibe wadandaula msana. Gulu limene ndinkalilota Lolemba ndi limeneli, labwera lonse, kudzafukula ntchito yanga.

A Likhucha ati, "Apa zamitsani pang'ono alamu, kale pamafika m'bondo." Ndazamitsa.

Dzuwa likupendeka mvula yawaza, Amalume adzukanso, madzi ali tho. Amake Fidesi abwera kudzaona, aima pamalo pawo pa masiku onse, chimanjamanja. Koma tiyi wanga anandipatsira ndi iwo.

Kenako minibasi. Yafika, yagwada, yalowa mwaulemu, matope onse pachitenje chawo. Sanapukute. Anzawo athamangira kumawindo ndi malichero, a Joni akufuula tchipisi. Pawindo latuluka dzanja, likukodola mkazi wanga. "Mayi, zinanazi zija! Patseni zinayi, zazikulu!"

Amake Fidesi atembenuka, andiyang'ana ine.

Zina zipsa chaka chamawa.