Chipwitikizi cha asewere

Lolemba

Asewere akubwera Loweruka kuchokera ku Beira. Tawonga, mwana wanga woyamba, akukwatiwa ndi Paulo wa ku Mozambiki, ndipo makolo a mnyamatayo sadziwa Chichewa ngakhale Chingerezi. Ine sindikhala pakhomo panga ngati chitsa. Ndiwalandira m'chinenero chawo.

Masana ndatsikira ku Old Town. Bambo wina wogulitsa ma CD pafupi ndi depoti akuti, "Bwana, iyi ndi orijino. Pofika Lachisanu muzilota m'Chipwitikizi." Chikuto chake n'chofotokopa, zilembo sizikuoneka bwino, koma ndagula.

Dongosolo langa: mawa moni, mkuja mawu a chakudya, kenako mawu aulemu okhudza banja.

Lachiwiri

Kompyuta ili kuofesi, koma ofesiyo ikusamuka, sinafike yonse kuchokera ku Zomba. Zimene zafika: sikirini, kiyibodi, mipando yopanda matebulo, katoni ya makatani. Zimene zatsala m'lole ina: masipika.

Ndaika CD. Patuluka mayi wovala zofiira, akumwetulira, milomo ikuyenda. Mawu ayi. Ola lonse la nkhomaliro ndakhala ndikuyang'ana pakamwa pake, mwina ndingatolepo kanthu. Ndangotolapo njala.

Lachitatu

A Phiri a ku akaunti andibwereka mahedifoni okhala ndi maiki. Tsopano mayi uja akulankhula. Akanena mawu, ine ndizibwereza, ndipo kompyuta izindipatsa nyenyezi ngati ndakhoza.

"Bwenosi diyasi." Palibe nyenyezi. Ndakweza mawu. Palibe. Ndakwezanso, ndaimirira kuti mpweya uzituluka bwino. Sindinamve chitseko. Abwana aima kumbuyo kwanga ndi alendo awiri a ku likulu la unduna, akuti, "A Gondwe, ngati ndi mapemphero, pali chipinda chopanda anthu kumapeto uko."

Atangotuluka ndapeza nyenyezi imodzi. Magetsi athima pomwepo.

Lachinayi

CD ili ndi chikande. Ikafika phunziro lachitatu ikudumpha, n'kukagwera ku hotela. Phunziro la banja silikutseguka konse.

Zimene ndikudziwa pano: moni wam'mawa, kufunsa kumene kuli chimbudzi, kudandaula kuti m'chipinda mwanga mulibe thaulo.

Madzulo kunyumba ku Area 14 ndikuyeserera pakhonde, galu akundiyang'ana. Amayi ake a Tawonga akusita nsalu za patebulo, akuti, "Inu zaka zonsezi mwakhala ndi ine, koma mukapsa mtima Chichewa chimathawa, chimabwera Chitumbuka. Ndiye ichi mukachisunga pati?"

Iwo sakudziwa chimene chikundisowetsa mtendere. Mwana akapita ku Beira, zidzukulu zanga zidzabadwira m'chinenero chimenechi. Zidzabwera patchuthi, zidzandifunsa kanthu, ine n'kumangoseka ngati mlendo.

Lachisanu

Nyenyezi zachuluka. Ndaimbira Paulo kuti amve yekha. Ndamupatsa moni, ndamuuzanso za thaulo.

Paulo wamvetsera zonse. Kenako, mwaulemu kwambiri: "Bambo, mwalankhula bwino zedi. Koma chimenecho ndi Chisipanishi."

Ndakwera minibasi mpaka ku Old Town. Pamalo pa bambo wa ma CD pali mayi wogulitsa mapeyala. Akuti sakumudziwa. Ndagula mapeyala, poti alendo adzafuna zipatso.

Paulo wanditumizira mawu atatu pa meseji. Ndikuwaloweza m'bafa, m'khitchini, pageti. Akusakanikirana ndi a mayi wa zofiira.

Loweruka

Afika. Asewere aamuna ndi munthu wamtali, wa suti yotuwa, thukuta lili kamukamu. Ndatambasula dzanja, ndatsegula pakamwa, m'mutu mwatsala thaulo lokha.

Iwo andigwira dzanja ndi manja awiri, atseka maso, n'kunena mokweza mosapumira: "Muli bwanji ndili bwino kaya inu zikomo kwambiri chimbudzi chili kuti."

Ndawalozera. Sanapite. Paulo akundinong'oneza kuti bambo ake akhala sabata yonse pa kompyuta ya kuntchito kwawo, ndipo zimene aphunzira zathera pomwepo.

Takhala pansi pa mtengo wa mango, ine ndi iwo. Ana akamasulira timagwedeza mitu. Ana akachoka timayang'ana galu. Kukhitchini amayi ake a Tawonga ndi amayi ake a Paulo akuseka mpaka kutsokomola, sindikudziwa m'chinenero chanji.

Pambuyo pake asewere atulutsa chithunzi m'chikwama: Paulo ali khanda, alibe mano. Ine ndalowa m'nyumba, ndatenga cha Tawonga tsiku loyamba kusukulu, akulira. Ayang'ana nthawi yaitali, aloza mwana wanga, kenako adzigwira pachifuwa. Ndamva.

Lamulungu

Anyamuka m'mawa tisanapite kutchalitchi. Ukwati ndi wa chaka chamawa, ndipo anawo akakhala ku Beira. Zimenezo zatha, palibe wandifunsa.

Tawonga akuti zidzukulu azidzazilankhula Chichewa kunyumba. Amayi ake akuti Chitumbuka ndidzaphunzitse ndekha, zikadzandikwiyitsa.

Mawa ndibweza mahedifoni a a Phiri. Paulo walonjeza kundibweretsera CD yeniyeni mwezi wamawa. Ndamuuza kuti ayambe waimvera yekha, mpaka kumapeto.