Tsiku Lomwe Ndinagulira Mimba Khadi

Nkhani iyi ndimafuna kupita nayo kumanda, koma poti apongozi anga anaifalitsa kale Msakambewa yense, bola muimvere kwa mwini manyazi.

Ndinali nditangochoka ku koleji ya uphunzitsi, ndikuphunzitsa pa sukulu ya mishoni kwathu ku Dowa. Ukwati wanga ndi a Filimoni unali utalengezedwa kawiri kutchalitchi, kutatsala kamodzi. Masiku amenewo mtsikana wopezeka ndi pakati ukwati usanadalitsidwe ankadulidwa mumpingo, ndipo akakhala mphunzitsi, choko ankachisiya tsiku lomwelo.

Loweruka lina mayi anandituma ku Lilongwe kukaitana azakhali, amene ankagulitsa nyemba mumsika waukulu wakale uja. Anandipatsa thadzi lakuda lomanga miyendo ndi luzi.

"Azakhali saitanidwa ku ukwati ndi pakamwa pokha," anatero.

Msikawo ndinali ndisanaupondepo. Nditatsika basi ndinangoti kukamwa yasa! Fungo la usipa ndi utaka linandichingamira ndili patali, anthu ali pikitipikiti ngati linthumbu. Pachipata panaima anyamata a chipani a malaya ofiira, ndipo wopanda khadi la chipani sankalowa. Ine nkhawa ndinalibe, langa linali m'handibagi.

Ndili pamzere, ndinacheuka. Mayo! Kumbuyo kwanga, patangodutsa anthu ochepa, panali aNabanda, mayi awo a Filimoni, mkulu wa amayi kutchalitchi kwathu, ali ndi anzawo awiri. Mayi amenewa ankanyadira paliponse kuti mwana wawo akukwatira Madamu. Tsono Madamuyo ndi uyu, nsapato zazitali, diresi losita, nkhuku kukhwapa itamuipitsira kale pamkono!

Sindinaganize kawiri. Ndinaliika thadzi lija pamimba, n'kulikulunga ndi chitenje, n'kumanga zolimba. Nkhuku ikakhala mumdima imangoti phee. Ndinadziyamikira mumtima kuti sukulu ndi yabwino.

"Khadi, mayi!"

Ndinapereka. Mnyamatayo analiyang'ana, kenako maso ake anatsikira pamimba panga.

"Nanga la winayo?"

"Winanso uti, achimwene?"

"Ali m'katiyo! Akuloweranso mumsika momwemu, si choncho? Kapena mumusiya panja?"

Ndinali nditamvapo kuti amayi oyembekezera amagulitsidwa makhadi awiri, koma ndinkayesa nkhambakamwa. Apa pankangofunika kumasula chitenje basi. Koma ine ndine munthu woti ngakhale m'kalasi ya ana aang'ono mawu ankandithawa. Anthu onse aja akundiyang'ana, ndivundukule nkhuku? Ndinatsegula handibagi mwakachetechete n'kulipira.

Mnyamata uja ananyambita pensulo. "Dzina la mwana?"

"Sa... sanabadwe."

"Nanga bambo ake alibe dzina?"

Pakamwa panga, mdani wanga, panayankha pokha: "A Filimoni."

"Filimoni wake uti?"

Mawu amenewo sanachokere kwa mnyamatayo ayi. Anachokera paphewa panga. ANabanda anali atafika, dengu lili pansi, manja ali kumutu.

"Esinati! Mwana wanga! Sabata yathayi unali ngati bango, lero zimenezi? Unkamanga ndi chiyani kutchalitchi?"

"Amayi, pepani, si mmene mukuganizira..."

"Ndiye kuti si ya Filimoni?"

"Ayi! Eya! Ndikutanthauza kuti..."

"Ambuye, ndilandireni!" Anakhala pansi pafumbi. Mnzawo wina anayamba kuwakupiza ndi mpango, winayo n'kumawerenga miyezi pa zala mokweza. "Ukwati wa diresi loyera watha apa. Abusa amve lero lomwe!"

Phokoso limenelo ndi lomwe linadzutsa thadzi. Mimba yanga inasuntha kuchoka kumanzere kupita kumanja, anthu onse akuona.

"Akugunda!" anakuwa mayi wina wogulitsa tomato. "Taonani mphamvu zake! Ameneyo ndi mwamuna!"

Ndinakanikiza ndi manja onse awiri kuti likhale bata. Ndinamva kanthu kakuti phwa! Kenako zamadzimadzi zofunda zinayenderera m'mwendo mpaka mu nsapato.

"Nsupa yasweka! Amuna nonse chokani!"

Sindinaonepo amayi ochita zinthu mwachangu chotero. Anasiya tomato, anasiya mfutso, anandizinga ndi zitenje ngati mpanda. Anyamata a malaya ofiira aja, amene Lilongwe yense ankawaopa, anathawira kuseri kwa matumba a makala. Wina ankakuwa kuti aitane galimoto. ANabanda, misozi ili mbwembwembwe, anakwinya manja a bulauzi n'kugwada patsogolo panga.

"Zolakwa tikamba kunyumba. Mdzukulu ndi mdzukulu. Puma, mwana wanga, puma!"

Anamasula mfundo ya chitenje.

Mdzukulu anatulutsa mutu, anawayang'ana agogo ake ndi diso limodzi, n'kuwajompha pachala. Kenako anati kweee! n'kugwera m'lichero la tomato, chikamba cha dzira chitamatirira pa diresi langa.

ANabanda anayang'ana nkhuku, anayang'ana ine, anayang'ananso nkhuku.

"Aka n'koyamba," anatero pang'onopang'ono, "kuona mwana wosafanana ndi bambo ake n'kuthokoza Mulungu."

Kuseka kwake! Azakhali anachita kumva ali kunyemba kwawo n'kubwera chothamanga. Ine ndinkangopempha nthaka kuti ing'ambike. Nditatolera mtima ndinapita kwa mnyamata uja kukapempha kuti alandirenso khadi lachiwirilo.

"Mayi," anatero nkhope ili gwa, "mukufuna kutulutsa membala m'chipani?"

Ndinalipinda bwinobwino n'kuliika m'handibagi.

Ukwati unalengezedwa kachitatu, ndipo diresi loyera ndinavala. Azakhali anabwera nalo thadzi lija kuti likhale ndiwo za paukwati, koma atamva kuti lili ndi khadi, amuna onse a m'mudzi anabisa mipeni. Ndani akanafuna kukafotokoza ku boma kuti wapha membala? Linakhala zaka zisanu likuswa anapiye pakhomo pa apongozi, ana akulitcha Filimoni Wamng'ono, mpaka linafa ndi ukalamba.

Kuyambira pamenepo ndinadziwa kuti manyazi a kukhwapa ukawabisa pamimba amakula msanga.