Makina Amene Sanazimepo Chichokere ku Tete

Amene akuti ndimanama aimirire ndimuone nkhope, asamang'ung'udzire m'chipewa. Inu a Domingo, mkamwini wanga, tayambani mwaika sipanalayo pansi. Ndamva, makutu ndili nawo: kachewere wanu akufota kudimba, mwagula pampu, pampuyo ikufuna bateriya, ndiye mwabwera ndi anzanu awiriwa kudzamasula yangayi, poti kwa inu ikungodyetsa chidole cha nkhalamba. Chabwino. Koma musanakhudze waya ndi mmodzi yemwe, khalani pa matumbapo mumve kuti bokosi likuwala pakonalo linafika bwanji kuno ku Chidzolomondo, chifukwa amene amakuuzani za ine kumsika wa ku Furancungo ndi akandimverere, pamene ine Bonifasiyo, mwana wa ku Tsangano, ndinaliko ndi miyendo yanga iwiri yomweyi.

Chinali chaka chimene kachewere wanga anabereka mopanda ulemu, moti mmodzi tinkamugubuduza anthu atatu. Ine ndi apongozi anu, malemu a Rozalina, tinakweza matumba pa lole, njinga yanga pamwamba, ulendo wa ku Tete kukagulitsa. Inu simuidziwa Tete ya nthawi imeneyo. Kunkatentha koti nkhuku zinkaikira mazira owiritsa kale. Pothawa dzuwalo tinalowa m'baraka ina, kasitolo ka zakumwa, pafupi ndi msika, ndipo m'menemo ndi mmene ndinaliona bokosili, lalitali ngati munthu, galasi pachifuwa, kandodo kamodzi ndi mabatani awiri ofiira pamimba, likungolira tiu tiu tiu, anthu ataliunjirira ngati pachitika ngozi. Umagula kachitsulo kozungulira, amati fisha, n'kuponya pa kabowo, ndiye m'galasimo mumatsika tizilombo kuchokera kumwamba ngati dzombe, iwe uli ndi kandege kako pansi n'kumatiwombera. Ukapha tambiri, makinawo amakupempha zilembo zitatu za dzina lako n'kuziika pa mndandanda, wopambana onse pamwamba penipeni.

Anthu a m'tauni ataona matope a kudimba m'zikhadabo zangamu anayamba kuseka. Wina mpaka anati, "Madala, ili si khasu." Mukumva? Anatero kwa ine! Ndinavula jekete, ndinagwira kandodoko, ndipo ndikulumbira pali malemu bambo anga, ndinawombera tizilomboto mpaka tinatha, makina n'kuyamba kubwereka tina kwa anzawo a ku Beira, natonso ndinatitha, mabatani anatentha mpaka mayi wina anabwera kudzawotchapo chimanga, ntchentche zenizeni za m'barakamo zinayamba kudzigwetsa zokha pansi ndi mantha, mapontu anadzaza galasi lonse mpaka manambala ena kumasefukira pansi, mwini baraka n'kumawasesa ndi tsache kuti anthu asaterereke. Nthawi yonseyi apongozi anu ali chilili kumbuyo kwanga ndi dengu m'manja, akungoti, "Bambo a Zefa, kachewere akupsa pa dzuwa." Zefa wake ndi mkazi wanu yemweyu, nthawi imeneyo n'kuti akadali pa sukulu.

Pamene phokoso linkatha, zilembo zitatu zinali zitakhala pamwamba pa mndandanda, mayina onse a anthu a ku Tete ali pansi pake.  Ndiye mwini baraka, munthu wa mimba yake, anaseka n'kunena kuti, "Amigu, yang'anitsitsani lero lomwe. Makina akale awa alibe mutu wosungira zinthu. Ndikangozula waya potseka, amaiwala zonse, mawa amayambanso opanda dzina la munthu."

Magazi anga anawira. Dzina likwere pamwamba pa mzinda wonse, kenako lifufutike chifukwa munthu akufuna kutseka chitseko? Nada, sizingatheke! Ndinamuuza kuti atenge kachewere yense, atenge ndi jekete yomwe, makinawo ndi anga. Anavomera akuseka, poganiza kuti kumudzi kopanda magetsi ndikafika ndi bokosi lakufa. Sankandidziwa. Njinga yanga inali ndi dinamo, kaja kamakhudza tayala n'kuyatsa nyale. Ndinaimika njingayo pa sitandi, ndinauza a Rozalina kuti azizunguza pedulo ndi dzanja, ine n'kuzula waya pakhoma n'kumulumikiza ku dinamo mwaliwiro loti magetsi enieniwo sanadziwe kuti asamuka. Galasi silinaphethire n'komwe. Tinamanga bokosilo pa kaliyala ndi malamba a tayala, apongozi anu anakwera pamwamba pake atadzimanga ndi kapulana, chitenje cha kwathu kuno, ine pa chishalo, ndipo lamulo linali limodzi: mwendo ukaima, dzina lapita.

Inu mumadandaula mukakwera shapa, kaminibasi kaja, kuchokera ku Tete, ati msana. Ine ndinaupalasa msewu umenewo ndi bokosi ndi mkazi kumbuyo, osatsitsa phazi. Pa mlatho wa Zambezi wapolisi anakweza dzanja kuti aone mapepala, ine sindikanaima, ndiye ndinayamba kumuzungulira, iye akuwerenga ine ndikuzungulira, akutembenuza tsamba ine ndikuzungulira, mpaka anachita chizungulire n'kukhala pansi, n'kundipatsa sawatcha ali chikhalire. Mukumva? Tikukwera zitunda, mwendo unkalemera, galasi n'kuyamba kuchita mdima, apongozi anu n'kumakuwa kuchokera pamwamba kuti, "Likuzima! Likuzima!" ine n'kumaponda mpaka pedulo kupindika; tikutsika, magetsi ankachuluka mopitirira, ndiye otsalawo ndinkawalandira ndi mutu wanga kuti asawotche makina, n'chifukwa chake mukuona dazi ili, si ukalamba ayi. Tayala lakutsogolo linaphulika pakati pa tchire, ndinayenda ndi lakumbuyo lokha mtunda woti munthu wapansi akhoza kugonera, mpaka ndinaona nsato itagona pamsewu, ndinaitola ndi dzanja limodzi ndikupalasabe, n'kuikulunga pa limu, iyo n'kudziluma mchira yokha chifukwa cha ulemu. Njala itandigwira, amayi ogulitsa m'mbali mwa msewu ankandiponyera nthochi, ine n'kumawakha ndi pakamwa. Ndipo dzuwa, dzuwa lenilenili, linafika pamwamba pa mapiri n'kuima kuti lione ngati ndifike, moti anthu a ku Furancungo mpaka lero amakumbukira tsiku limene analima kawiri asanadye. Mukafunse akuluakulu, koma mufunse amene ali ndi nzeru.

Tinalowa m'mudzi muno galasi likuwala. Koma kufika sikunali kutha kwa ntchito. Ndinapachika njinga ku mtanda wa denga lomweli n'kumapalasabe m'malere, kudya pomwepo, kulandira alendo pomwepo, ansembe atabwera kudzationa ndinalapa machimo anga ndikupalasa. Kenako ndinaphunzitsa ng'ombe yanga kuzungulira mtengo itakoka gudumu, koma inayamba kuonerera masewerawo pawindo n'kumaiwala kuyenda. Mvula itayamba ndinatchera mphezi ndi waya wa minga pamwamba pa chigafa cha fodya, n'kuitsekera mu mtsuko, inatitumikira mpaka kukolola, ikungolira m'katimo. Sola ndi bateriya mukuifunayi zinabwera pambuyo, miyendo itayamba kundikana. Ngakhale tsiku losintha bateriya yakale, ndimayamba ndalumikiza yatsopano. Chichokere ku Tete, makinawa sanazimepo ngakhale kamphindi kophethira diso.

Tsono mumandiseka kuti ndinadzaza nyumba ndi mabokosi akufa khumi ndi limodzi, malo oti mukanaikamo fodya. Mumayesa munthu amadzuka m'mawa n'kunena kuti lero ndiyambe kutolera makina a fisha? Palibe amayamba choncho. Umakonda amodzi. Amodziwo amadwala, ndipo sipakhala sitolo yogulitsa ziwalo zake, chifukwa amene ankawapanga anasiya kalekale. Ndiye umapita kukasaka abale ake. Batani lofiira litatha, ndinamva kuti ku Ulongwe kuli bokosi ngati lomweli, ndinakalipeza nkhuku zikuikiramo, ndinaligula ndi nkhuku zake zomwe, thadzi lina mpaka linaswa anapiye olira tiu tiu tiu. Lachiwiri linali kwa telala wa ku Furancungo, ankasungamo nsalu. Lachitatu ndinalilanditsa kwathu ku Tsangano, mlamu wanga atathiramo nyemba ngati nkhokwe, anankafumbwe atadya mpaka waya. Lija lopendekeka lija linali m'katchalitchi kena, mlaliki ankaikapo buku, ndipo ndinachita kumupangira gome ndi manja anga kuti alimasule. Ukamva mphekesera ya bokosi, tulo sumakhala nato, umanunkhiza ngati galu wa uzimba, ukalipeza umayerekeza kuti sukulifuna kuti mwini wake asadziwe. Ndi mmene matendawa amalowera. Onsewa anafa kuti amodzi awa akhale moyo, ndipo chiwalo chilichonse ndinachisintha makina ali chiyakire, magetsi akundimenya mpaka mano kuwala.

Mukuti chiyani, a Domingo? Lankhulani mokweza, musaope. Mwayang'ana pagalasi? Mwaona kuti zilembo zili pamwambazo si BON?

Ehe. Sukulu imeneyi ndiye kuipa kwake.

Chabwino, khalani pansi. Za nsato sindibweza, za dzuwa sindibweza, koma apa pokha ndinadumphapo. Tsiku lija m'baraka muja tizilombo tinkandipha ndisanadziwe n'komwe kuti kandege kanga ndi kati. Fisha iliyonse inkatha ngati mchere m'madzi, anthu akuseka mpaka kugwirana mapewa. Itatsala imodzi, apongozi anu anaika dengu pansi, anandilanda fishayo m'manja n'kunena kuti, "Bweretsani, ithe tizipita." Anamanga kapulana m'chiuno, anagwira kandodoko ndi zala ziwiri. Inu simunawaone akusankha fodya, mmene maso awo ankaonera tsamba la banga lili pansi pa mulu, kapena akutola tinyemba towola m'lichero dzanja osaoneka. Anasewera choncho, nkhope ili phee ngati akupeta, mpaka amene ankaseka aja anavula zipewa. Atatha anapukuta manja n'kundifunsa kuti, "Basi, n'zimenezi mumatayira nthawi?"

Makina atapempha dzina, anandiyang'ana. Sukulu sanapiteko, ankasaina ndi chala. Ndinawalembera ndine: ROZ. Anayang'ana zilembozo nthawi yaitali, n'kundinong'oneza kuti, "Ameneyo ndine?" Ndinati ndinu, ndipo onse ali pansiwo ndi amuna a ku Tete. Ndi pomwe mwini baraka ananena zozula waya zija. Ndinaona nkhope yawo ikugwa, ndipo sindikanalola.

Sanaseweretsenso makinawa moyo wawo wonse. Ankati ndi zachibwana, ankandinena kwa azimayi anzawo kuti ndinasinthanitsa chakudya cha chaka ndi kabati yolira. Koma m'mawa uliwonse ankalowa muno ndi tsache, ati kudzasesa, n'kuima pamene mwaimapo, osasesa kanthu. Zilembo zitatu zimenezo ndi zokhazo anaphunzira kuwerenga. Pa mtanda wa kumanda tinalemba ndi penti, mvula ya zaka ziwiri inachotsa. Apa pokha ndi pamene dzina lawo latsala, pamalo pamene analikweza okha ndi manja awo, ndipo ndimawasowa, a Domingo, ndimawasowa koopsa. Mukazula waya ameneyo, makinawa adzayaka mawa bwinobwino, koma adzakhala atawaiwala, ndipo palibe angawabwezerepo. Ine ndayesa zaka zonsezi kuti ndione ngati ndingathe, sindinafikepo ngakhale theka.

Ndiye bateriya iyi simuichotsa, lero kapena mawa, pokhapokha muyambe mwandinyamula ine. Za kachewere wanu ndamva, ndi chakudya cha adzukulu anga, sindingamusiye afe. Mukuyesa pampu inabadwa liti? Ife tinkathirira madimba pampu isanalotedwe. Ine amene ndinapalasa kuchokera ku Tete osatsitsa phazi, ndingalephere kusenza kamtsinje kanu kaja? Ndikakatunga kawiri kokha muona nsomba zikupempha chifundo pa mchenga.

Musandigwire mkono, ndidzuka ndekha. Bondoli limangochedwa kumva, silinafe. Tsekani chitseko bwino, nkhuku zingajomphe waya. Ndowa zili kuti? Mundipatse ziwiri.